Makina akalakwa, wa ku Karonga akadandaule kwa yani?

Waya woyamba wonyamula uthenga unafika ku Karonga kumapeto kwa zaka za m'ma 1890. Unali wa telegalafu, wa kampani ya Cecil Rhodes yomwe inkafuna kulumikiza Cape Town ndi Cairo, ndipo mizati yake yachitsulo inatsata gombe la nyanja n'kukwera mapiri kulowera ku Tanganyika. Sunabwerere Angonde, unabwerera atsamunda ndi malonda awo. Mphamvu yake inaoneka mu Ogasiti 1914, pomwe Angerezi a ku Nyasaland anamva msanga kuti nkhondo yabuka ku Ulaya, n'kutumiza sitima ya Guendolen kukaombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann kutsidya kwa nyanja, woyendetsa wake asanamve n'komwe kuti kuli nkhondo. Mwezi wotsatira mfuti zinalira pa Karonga penipeni, ndipo manda a asilikali a mbali zonse ziwiri alipo mpaka lero. Amene anayamba kumva ndiye analamula nyanja.

Lero m'njira yomweyo mukudutsa zingwe zina. Dziko lathu silinafike kunyanja ya mchere, choncho intaneti yathu timachita kuitapa ku zingwe za pansi pa nyanja zomwe zimatulukira kwa anzathu a ku Tanzania ndi Mozambique, ndipo gawo lina limalowera pa Kasumulu ndi Songwe n'kutsika ndi msewu wa M1. Munthu wa ku Iponga kapena ku Kaporo amagona pafupi ndi chingwe chomwe chikutumikira maofesi a ku Lilongwe, komabe alipo midzi yomwe kuti uthenga uchoke mufoni mpaka mwini wake akwere pachulu. Dandaulo la netiweki limeneli ndi lodziwika, ndipo aphungu amalitchula chaka ndi chaka. Chomwe sitikuchikamba mokwanira ndi china. Boma lasamutsira ntchito zake zambiri m'makina, ndipo tsopano limamuona bwino munthu wakumudzi kuposa kale lonse. Koma makinawo akamukana munthuyo, kapena akamulemba molakwika, kapena wina akamubera kudzera momwemo, khomo loti agogodepo silioneka.

Zinthuzi zathamanga kwambiri. Airtel Money inayamba mu 2012, Mpamba ya TNM mu 2013. M'zaka zomwezo bungwe la MACRA linkamanga nyumba za makompyuta m'madera a aphungu, ndipo ya ku Lupaso inali imodzi mwa zoyambirira. Maganizo a nthawi imeneyo anali akuti anthu azipita komwe kuli kompyuta. Pasanathe zaka khumi kompyutayo inali italowa m'thumba la malaya. Mu 2017 nthambi ya NRB, mothandizidwa ndi UNDP, inalemba anthu oposa 9 miliyoni a zaka 16 kupita m'mwamba m'miyezi isanu ndi umodzi yokha, kuwajambula nkhope ndi kutenga zidindo za zala zawo. Mu 2018 simukhadi iliyonse inayenera kulembetsedwa m'dzina la mwini wake, ndipo kalembera wa chaka chimenecho, yemwe anapeza anthu 365,028 m'boma la Karonga, anachitika ndi matabuleti. Mu 2020 ndondomeko ya AIP inachotsa makuponi, mlimi n'kumagula feteleza wa K4,495 pongoonetsa chiphaso cha unzika. Pokonzekera chisankho cha pa 16 Seputembala 2025, lamulo linati wofuna kulembetsa m'kaundula wa ovota aonetse umboni wochokera ku NRB.

Motero feteleza, foni, akaunti ya kubanki, Mtukula Pakhomo ndi voti, zonse zamangidwa ndi kakhadi kamodzi monga luzi limodzi limamangira mtolo wonse wa nkhuni. Likalimba, mtolo umafika kunyumba. Likaduka, palibe nkhuni yotsala pamutu.

Ubwino wake ulipo ndipo ndi waukulu. Woutsutsa ndi amene sanakhalepo kumudzi. Mwana ali ku Johannesburg amatumiza ndalama m'mawa, madzulo amayi ake n'kukatapa kwa ejenti pa Uliwa, pomwe kale ankadikira munthu wobwera pa basi amene mwina akanadyako panjira. Mlimi wa mpunga wa Kilombero ku Hara, ku Wovwe kapena ku Lufilya amaimba foni ku Lilongwe kufunsa mtengo asanamvere zonena za venda. Msodzi wa usipa pa Ngara amapeza wogula bwato lisanakocheze. M'mitsinje ina yomwe imasefukira chaka ndi chaka munaikidwa zipangizo zoyeza madzi, kuti akumtunda achenjeze akumunsi madzi asanalowe m'nyumba. Nacho chiphaso cha unzika chinachotsa maina ambiri a anthu omwe kulibe, amene ankadya makuponi ndi malipiro a boma. Sindikufuna kuti tibwerere ku mapepala okhaokha. Komanso tisaiwale kuti Cashgate ya mu 2013 inachitikira m'kompyuta, mu IFMIS, momwe anthu ankalemba malipiro abodza, kutapa mabiliyoni, n'kufufuta mapazi awo. Makina sachotsa wakuba. Amangosintha malo omwe wakubayo amakhala.

Tsopano tipite pa depoti ya feteleza mwezi wa Disembala, mvula itagwa kale. Mayi wafika m'bandakucha, wafola mpaka dzuwa lafika paliwombo. Kalaliki akutenga chiphaso chake, akuchionetsa ku foni, ndipo foniyo ikuti dzina lake mulibe, kapena ikuti matumba ake anagulidwa kale. Mwinanso siikunena chilichonse chifukwa netiweki yathawa. Zoterezi zalembedwa m'nyuzipepala nyengo iliyonse kuyambira 2020, limodzi ndi nkhani za mavenda ogula ziphaso kwa alimi osauka. Mayiyo akafunsa kuti zatheka bwanji, yankho limakhala limodzi: ndi sisitemu. Kalalikiyo sakunama. Iyenso sangathe kusintha kanthu, ndipo sadziwa amene angasinthe. Mlangizi amuuza kuti apite ku ofesi ya zaulimi, a ku ofesiko amuuza kuti maina amachokera ku likulu, ndipo likulu lili pa mtunda wa makilomita oposa 500, kuseri kwa phiri la Chiweta. Pofika tsiku loti yankho libwere, chimanga chachita kale chikasu.

Kuti timvetse chomwe chasowa apa, tiyerekeze ndi bwalo la mfumu. Sindikuti mafumu ndi angelo. Tonse tikudziwa nyakwawa zomwe zinkalemba abale awo okhaokha pa makuponi, ndipo kukondera kumeneku ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe boma linathawira ku makina. Koma bwalo lili ndi zinthu zitatu zomwe makinawa alibe. Woweruza amaoneka nkhope ndipo amakhala m'mudzi momwemo. Mlandu umakambidwa m'chinenero cha wodandaula, kaya ndi Kyangonde kaya Chitumbuka, anthu onse akumva. Ndipo wosakhutira amadziwa kopita: akachoka kwa nyakwawa apita kwa gulupu, akachoka kwa gulupu apita kwa Kilupula, Mwakaboko, Wasambo kapena Mwirang'ombe malinga ndi dera lake, ndipo pamwamba pali Kyungu. Makwerero amenewa mwana aliyense amawadziwa. Makwerero a sisitemu sadziwika ngakhale kwa amene akuigwiritsa ntchito.

Zolakwika zake n'zazing'ono pozimva, koma zimamana munthu chakudya. Wolemba wosadziwa Kyangonde anasempha chilembo chimodzi m'dzina, ndiye dzina la pachiphaso silikugwirizana ndi la pa satifiketi. Gogo sankadziwa chaka chomwe anabadwa, wina n'kungomuyerekezera. Zala za munthu amene wagwira khasu ndi kupalasa bwato zaka makumi asanu zimafufutika mizere, makina n'kumalephera kuziwerenga. Ziphaso zambiri zinayamba kutha mphamvu patangopita zaka zochepa, mpaka boma linachita kulengeza kuti zizigwirabe ntchito kwa kanthawi chifukwa silikanatha kusindikiza zatsopano pa nthawi yake. Mu Okutobala 2024 zinatengera Khoti Lalikulu kulamula kuti NRB ikhale pa malo olembetsera ovota, kuti nzika yopanda chiphaso isamanidwe voti chifukwa cha kuchedwa kwa ofesi.

Pamenepa malamulo aakulu a dziko lino ali ndi mawu omveka. Gawo 43 limati aliyense ali ndi ufulu woti ofesi ya boma imuchitire zinthu motsata lamulo ndi mwachilungamo, ndiponso kuti apatsidwe zifukwa zolembedwa pamene chigamulo chakhudza ufulu wake. Gawo limeneli silinapatule zigamulo zotuluka mufoni ya kalaliki. Ngati makina a boma akana munthu feteleza, ndiye kuti boma lamukana, ndipo boma liyenera kunena chifukwa chake. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene pagona nkhani yonse ya ulamuliro m'nyengo ino, kuposa pa kuchuluka kwa nsanja za netiweki kapena kutchipa kwa bandulo.

Malamulo atsopano alipo, ndipo si ochepa. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano la zofalitsa mauthenga komanso la Electronic Transactions and Cyber Security Act. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza nkhani m'maofesi a boma linasainidwa mu 2017, koma linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020. Lamulo loteteza mbiri ya munthu yosungidwa m'makina, la Data Protection Act, linabwera mu 2024. Limapatsa munthu ufulu wodziwa zomwe bungwe likusunga zokhudza iye, wokonzetsa zolakwika, ndipo nthawi zina wofufutitsa. Taonani kutalikirana kwa zakazi: zidindo za zala za anthu 9 miliyoni zinatengedwa mu 2017, lamulo lonena za kasungidwe kake n'kudzabwera patapita zaka zisanu ndi ziwiri. Umu ndi m'mene takhala tikuyendera pafupifupi pa chilichonse: makina patsogolo, lamulo pambuyo, ndipo kumasulira lamulolo m'chinenero cha anthu kumbuyo kwenikweni.

Kuli bwino tifunsenso kuti malamulowa amathamangira ndani. Mlandu wa pafoni womwe wasautsa anthu wamba koposa ndi wa akamberembere. Uthenga umabwera woti mwasankhidwa kulandira Mtukula Pakhomo koma mutumize kaye ndalama yolembetsera. Wina amaimba n'kunena kuti mwana wanu wagonekedwa m'chipatala. Wina amati watumiza ndalama molakwitsa ndiye mumubwezere. Akuluakulu a boma ndi apolisi anenapo poyera kuti ambiri mwa mafoni amenewa amachokera m'ndende ya Zomba. Kulembetsa simukhadi kunabwera ndi lonjezo lakuti umbava wotere utha, koma akathyali anapeza njira: simukhadi zolembetsedwa ndi ziphaso za anthu ena, eni ake osadziwa. Mayi wogulitsa nthochi pamsika wa Karonga akaberedwa K50,000, yomwe ndi mpamba wake wonse, amauzidwa kuti akatenge lipoti kupolisi, apite nalo ku kampani ya foni, kenako adikire. Ambiri sayamba n'komwe ulendowo, poona kuti thiransipoti idya ndalama ina pamwamba pa yobedwayo.

Koma wina akanyoza wamkulu pa WhatsApp, lamulo limapeza miyendo. Mu 2022 namwino wina ku Ntcheu anamangidwa chifukwa cha mawu omwe analemba pagulu la WhatsApp onena za mtsogoleri wa dziko. Mu Epulo chaka chomwecho apolisi anagwira mtolankhani Gregory Gondwe wa Platform for Investigative Journalism n'kumulanda foni ndi kompyuta, pofuna kudziwa amene anamupatsa chikalata china cha boma. Mu 2024 bambo wina wa ku Mponela anapezeka wolakwa chifukwa cha kakanema konyoza mtsogoleri. Zoterezi zachitika pansi pa maboma a zipani zosiyana, choncho si matenda a chipani chimodzi. Pali zomwe zasintha: mu 2022 aphungu anachotsa milandu ya kuukira boma ndi mawu, ndipo mu Julayi 2025 khoti linagamula kuti gawo 200 la malamulo a milandu, lomwe linkalola kumanga munthu chifukwa choipitsa mbiri ya mnzake, likutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko. Koma ndime za lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act zonena za mauthenga okhumudwitsa n'zotambasuka moti wapolisi wofuna kusangalatsa bwana angalowetsemo chilichonse. Munthu wakumudzi amaziona zimenezi, ndipo amaphunzirapo kuti lamulo la pa intaneti linabwera kudzamuyang'anira iye, osati kudzamuteteza.

MACRA nayo yasenzetsedwa zipewa zambiri. Ndiyo imapereka ziphaso kwa makampani a foni ndi nyumba zoulutsira mawu, ndiyo imatolera ndalama kwa iwo, ndiyo imayang'anira chitetezo cha pa intaneti, ndipo lamulo la 2024 linaipatsanso udindo woteteza mbiri ya anthu. Akuluakulu ake amasankhidwa ndi boma lolamula. Bungwe lomweli ndi lomwe linagula makina a CIRMS, omwe anthu anawatcha makina aukazitape, nkhani yake n'kutha zaka m'makhoti mpaka Khoti Lalikulu la Apilo linalola kuti agwire ntchito. Ndi lomwenso kumayambiriro kwa 2025, chisankho chili pafupi, linafuna kugula ku kampani ya ku Ghana makina otsata nkhani zabodza pa intaneti, pa mtengo wa madola pafupifupi 1.5 miliyoni. Mwina zolinga zake zinali zabwino. Koma wogula zida zoonera anthu sayenera kukhalanso woweruza ngati anthuwo aonedwa mopyola malire. Udindo woteteza mbiri ya nzika ukufunika ofesi yoima payokha, yoyankha ku Nyumba ya Malamulo.

Nkhani zabodza si nthano ayi, ndipo Karonga akudziwa mtengo wake. Mphekesera za anamapopa zinapha anthu ku Mulanje, Phalombe ndi maboma oyandikana nawo mu 2017, ndipo mu 2020 zinafika kumpoto, anthu n'kumatchinga misewu usiku ndi kumenya alendo. Kuno nkhalamba zaphedwa ndi kuotcheredwa nyumba poganiziridwa ufiti, ngakhale lamulo la 1911 limaletsa kuloza munthu chala kuti ndi mfiti. Dera la pakati m'bomali linafika potchedwa Benghazi chifukwa cha ziwawa za ndale. Zonsezi zinalipo foni isanabwere. Chomwe foni yasintha ndi liwiro: mphekesera yomwe kale inkayenda ndi njinga kuchoka pa Nyungwe kukafika pa Boma, lero imafika m'midzi makumi asanu nsima isanapse, ndipo imabwera ndi chithunzi, mwina chojambulidwa kudziko lina zaka zapitazo. Makampani a Facebook, WhatsApp ndi TikTok ali kutali, ndipo uthenga wa mawu wa m'Kyangonde wolimbikitsa anthu kukaotcha nyumba ya gogo sangaumve. Google Translate inayamba Chichewa mu 2014, Chitumbuka mu 2024. Zinenero ngati Kyangonde, Chilambya ndi Chindali zikadali kunja.

Boma likaona zoterezi, dzanja limathamangira kutseka. Linatero pa zionetsero za Julayi 2011 poletsa mawailesi kuulutsa zomwe zinkachitika, linateronso mu Juni 2019 poimitsa mapulogalamu oimba foni, mpaka khoti linalowererapo. Tsidya la Songwe taona kumene njira imeneyi imathera: pa chisankho cha pa 29 Okutobala 2025 boma la Tanzania linazimitsa intaneti kwa masiku angapo, anthu n'kumafa mumdima, abale awo kuno osadziwa chomwe chikuchitika ku Kyela kapena ku Mbeya. Kutseka sikupha mphekesera. Kumangochotsa amene akanaitsutsa. Chomwe chimazimitsa bodza kumudzi ndi mawu a munthu wodziwika, m'chinenero cha pamalopo, pa nthawi yake: mfumu, wansembe, shehe, mlangizi wa zaumoyo, muulutsi wa Tuntufye FM kapena Radio Dinosaur amene anthu amamudziwa ndi dzina. Ndalama yomwe ingagule makina otsata zolemba za anthu ikanatha kulimbikitsa mawailesi oterewa kwa zaka zambiri, ndipo iwo amafika ngakhale kwa gogo wopanda foni.

Palinso funso lakuti makiyi a makinawa akusunga ndani. Kumayambiriro kwa 2024 makina osindikizira mapasipoti anaima. Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo mu Febuluwale kuti akuba a pa intaneti alowa m'makinawo ndipo akufuna dipo; mabungwe ena anatsutsa, n'kunena kuti gwero lake linali mkangano ndi kampani yakunja yomwe inawakonza. Chilichonse chomwe chinali choona, dziko linatha masabata lisakutha kutsegula kaundula wake womwe, ndipo wamalonda, wophunzira ndi wodwala wofuna kupita kunja onse anangokhala. Mu Meyi chaka chomwecho zingwe ziwiri za pansi pa nyanja, EASSy ndi Seacom, zinaduka, intaneti n'kufooka kuyambira ku Kenya mpaka kuno. Zingwe zambiri za boma ndi nyumba yosungiramo zinthu za m'makompyuta a boma ku Blantyre zinamangidwa ndi Huawei. Starlink inalowa mu 2023 ndi intaneti yochokera mumlengalenga. Kugula kunja si tchimo, poti sitipanga zinthuzi. Cholakwika n'kusaina mgwirizano womwe nzika sizinauone, wosanena kuti kampani ikachoka chidziwitso chitsala ndi yani.

Zisankho zatiphunzitsa kanthu pa mfundo imeneyi. Chisankho cha pulezidenti cha 2019 chinathetsedwa pa 3 Febuluwale 2020 chifukwa oweruza asanu anatha kugwira mapepala a zotsatira m'manja n'kuona pomwe panapakidwa Tipp-Ex. Chinyengo chikanachitikira m'kati mwa makina okhaokha, ndani akanachiona? Mu 2025 zipani zotsutsa zinakayikira zipangizo za Smartmatic zomwe bungwe la MEC linagula, ndipo chomwe chinakhazika mitima pansi n'chakuti voti inali ya pepala, inawerengedwa pamalo oponyera pamaso pa oimira zipani, ndipo bungwelo linatenga masiku asanu ndi atatu likufananiza zotsatira lisanalengeze pa 24 Seputembala. Ngati voti timaisiyira umboni wa pepala womwe munthu wamba angathe kuuona, n'chifukwa chiyani feteleza ndi Mtukula Pakhomo tisawachitire chimodzimodzi?

Kukhala m'malire kumaonjezera zake. Lamulo la Malawi limathera pa mtsinje wa Songwe, koma netiweki siona mtsinje. M'midzi ya kufupi ndi malire anthu ambiri ali ndi simukhadi ziwiri, ya kuno ndi ya ku Tanzania, ndipo ndalama zimayenda pakati pa kwacha ndi shilingi kudzera mwa maejenti ndi osintha ndalama. Woberedwa pa nambala ya tsidya lina sadziwa ngati apite kupolisi ya Songwe kapena ya Kasumulu. Juga nayo yalowa m'thumba: kandege sikafuna nyumba ya juga, kamangofuna foni ndi Mpamba kapena Airtel Money, ndipo mnyamata wa kabaza amatha kutaya ndalama ya tsiku lonse ali pa siteji. Lamulo la juga la 2022 linakhazikitsa bungwe la MAGLA, koma zotsatsa juga zili pa wailesi, pa zikwangwani ndi pa mpira, pomwe uphungu kwa amene agwidwa nayo ngosowa.

Chitsanzo cha njira ina chili m'boma lomwe lino, ku Chilumba. Kuyambira 1979 ofufuza akhala akulemba za umoyo wa anthu a ku Karonga, poyamba pa matenda a khate, kenako chifuwa chachikulu ndi Edzi, ndipo lero ntchitoyi ili pansi pa bungwe la MEIRU. Kuyambira 2002 amatsata kubadwa, imfa ndi kusamuka kwa anthu pafupifupi 40,000 a m'midzi yozungulira. Amenewa ndi kaundula wozama kuposa wa NRB, wokhudza zinsinsi za m'thupi ndi za m'banja, komabe wakhala zaka zonsezi m'dera lomwe mphekesera za magazi sizichedwa kubuka. Mayendetsedwe ake ndi omwe tiyenera kuwayang'ana. Amene amapereka malipoti a kubadwa ndi imfa ndi anthu a m'midzi momwemo. Wofunsa mafunso amayankhula chinenero cha wofunsidwa, amayamba wafotokoza cholinga, ndipo munthu ali ndi ufulu wokana. Kafukufuku aliyense amayamba wavomerezedwa ndi komiti yoona za ufulu wa ofufuzidwa. Koposa zonse, ofesi ili pomwepo. Wokhumudwa amadziwa geti loti akaimepo. Sindikuti zonse kumeneko n'zangwiro, koma zikuonetsa kuti anthu a ku Karonga sakana kulembedwa. Amakana kulembedwa ndi munthu amene sadzamuonanso.

Zomwe zikufunika tsono si zodula kwambiri. M'zipatala za maboma muli kale ombudsman wa pachipatala, munthu amene wodwala wozunzidwa amakamudandaulira. Khonsolo ya Karonga ingathe kukhala ndi desiki yotere ya madandaulo a makina onse a boma, yokhala ndi mphamvu yeniyeni yokonzetsa dzina ku NRB, ku unduna wa zaulimi ndi ku Mtukula Pakhomo m'masiku owerengeka, ndipo izifika pa Chilumba, pa Kaporo ndi pa Songwe pa masiku a msika. Wokanidwa pa depoti azipatsidwa kapepala konena tsiku, chifukwa ndi kopita, monga gawo 43 likufunira. Netiweki ikathawa pazikhala kaundula wa pepala, wosainidwa ndi mlangizi ndi komiti ya m'mudzi, kuti mlimi asabwerere chimanjamanja chifukwa cha nsanja yomwe yathera mafuta. Ufulu wa m'lamulo la 2024 uulutsidwe m'Kyangonde ndi m'Chitumbuka, chifukwa ufulu womwe mwini wake sanaumvepo sugwira ntchito. Zimenezi zichitike msanga, poti kukubwera makina oganiza okha, omwe adzayamba kusankha woyenera ngongole kapena thandizo, ndipo zifukwa zawo zidzavuta kuzifotokoza kuposa za lero.

Anthu akayankhula, boma limamva. Mu 2019 nduna ya zachuma inaika msonkho wa 1 peresenti pa ndalama zotumizidwa pafoni, anthu anakana, msonkhowo n'kuchotsedwa usanayambe. Mu 2020 achinyamata anadandaula za kudula kwa bandulo mpaka makampani anatsitsako mitengo. Koma madandaulo amenewo anali a anthu a m'tauni, okhala ndi intaneti ndi Chingerezi. Mayi wobwezedwa pa depoti salemba pa Facebook, ndipo palibe amene amamuwerenga. Makhansala a Karonga, mafumu omwe amakhala nawo pa msonkhano wa khonsolo, a Chilungamo ndi Mtendere a dayosizi, ngakhale mtolankhani wa wailesi ya m'dera, ali ndi lamulo lija lopatsa nzika ufulu wopeza nkhani m'maofesi a boma m'manja mwawo. Angathe kulembera unduna wa zaulimi ndi NRB kufunsa kuti nyengo yathayi ndi alimi angati m'boma lino omwe anali pa mndandanda koma sanagule, pa depoti iti, pa chifukwa chanji, ndipo ndi angati omwe dandaulo lawo linakonzedwa mvula isanathe. Makina omwe amawerenga matumba ogulitsidwa angathenso kuwerenga anthu obwezedwa, ndipo chiwerengero chimenecho chiyenera kumawerengedwa pa msonkhano wa khonsolo chaka chilichonse ndondomeko ya feteleza isanatsegulidwe.